Ndere m'Damu la Funsani

Mbulumbuzi,
Chiradzulu.

Mlongo wanga Funsani,

Moni kumeneko ku Joni. Ndikudziwa kuti uli bwino, chifukwa munthu wodwala sangamaimbe foni m'mawa ndi madzulo kufunsa za nsomba. Kuno tadzuka. Mayi mwendo uja ukuwavutabe koma akuyendera ndodo. Ana akupita kusukulu, nandolo tinamaliza kukolola. Za Linda mkazi wako ndi mwana ndinena pansipa, poti iwe sunafunse.

Kalatayi ndapatsira Sharif, wagalimoto uja amanyamula katundu wa anthu a kumeneko. Pepala ndalisankha dala. Pafoni umandidula pakamwa, ndipo ukamva zimene sukuzifuna umanamizira netiweki. Pepala lilibe netiweki, uwerenga mpaka kumapeto.

Mwezi wonse uno funso lako ndi limodzi: kodi madzi a m'damu ayera? Ndikuyankha, usachite phuma. Uyambe wamva mmene tafikira pano.

Utabwera pa Isitala n'kuyamba kukumba kuseri kwa nyumba yako, tonse tinati Funsani wakula, akukumbira mkazi wake chitsime. Mayi mpaka anakudalitsa. Tinadabwa kuona simenti, kenaka matailosi m'dzenje, pamene kubafa kwako anthu amaponda pamwala. Mapeto ake unabwera kuchokera ku Blantyre ndi nsomba m'mapulasitiki, zofiira, zoyera, zamawangamawanga, ati dzina lake koyi.

Ukukumbuka mayi atafunsa ngati zimakoma zowamba kapena zokazinga? Unaseka mpaka kugwira m'mimba. Unati izi sadya, n'zoyang'ana. Nsomba yoyang'ana! Chibadwire changa ndinali ndisanamve kuti munthu angawete ndiwo kuti azingoziyang'ana.

Unazitcha ndi mayina omwe. Yaikulu yofiira ija Tracy, yamawanga ija Hannah, mayina a ana a bwana wako amene umawasesera pabwalo. Unaima pamenepo n'kumatiphunzitsa ngati ana a sitandade wani kuti tisasokoneze.

Iwe unaona damu kwa bwana wako, nawenso n'kufuna damu. Bwanji sunaonenso kuti bwanayo ali ndi mpopi wosauma, magetsi osathima ndi wantchito? Wantchito wake ndiwe. Nanga kuno unasiya ndani? Unasiya Linda, ali ndi pakati, n'kukwera basi.

Kapampu kosefa madzi kamene unaika m'damu kaja kamagwira ntchito magetsi akakhalapo. Magetsi a kuno ukuwadziwa, amabwera ngati mlendo wodutsa. Dzuwa litayamba kuswa mtengo, m'makoma mwa damu munayamba kumera ndere, koma pang'ono chabe.

Ndiye kunabwera a Gracious, asuweni athu a ku Milepa, aja ali m'kalabu ya alimi a nsomba. Atasuzumira m'damu anapukusa mutu ndi chisoni. Anati madzi oyera chonchi ndi njala, nsomba za mlamu wawo Linda zifa ndi kuonda. Alangizi anawaphunzitsa kuti damu labwino ndi lobiriwira, loti ukaviika mkono mpaka m'chigongono chikhatho chisaoneke. Mawa lake anabwera panjinga ndi thumba la zitosi za nkhuku, analimiza pakona, n'kuwazanso gaga pamwamba.

Usawatukwane a Gracious. Nsomba zonse za m'boma lino zimaleredwa choncho, ndipo zimanenepa, anthu n'kudya. Iwo akanadziwa bwanji kuti kuli nsomba zina zodana ndi chakudya, zofuna kuoneka basi?

Sabata isanathe madzi anasanduka therere. Ndere zinalendewera m'makoma, fungo mpaka kukhitchini. M'mawa nsomba zinkabwera pamwamba pakamwa pali yasa, kusowa mpweya. Linda, mwaulemu wake, anajambula n'kukutumizira. Mmene unakalipira tsiku limenelo, a Nabanda oyandikana nawo aja anamva ali kwawo.

Malamulo anayamba kugwa ngati matalala. Unati tsiku lililonse azitunga madzi ena m'damu n'kutaya, n'kuthiramo atsopano. Unati achepetse chakudya. Unati amange kachisakasa ka udzu kotchinga dzuwa, poti dzuwa ndilo limakuza ndere. Zonsezi anachita, mitengo yake anadula yekha.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi cha madzi. Unaletsa madzi a pamjigo, ati azaumoyo amathiramo kolorini ndiye nsomba zingafe. Tamvera wekha, Funsani. Madzi amene timamwa ife, amene amamwa mayi ako okubereka, Tracy sangakhalemo! Ndiye Linda azitsetsereka kupita kuchitsime cha kudambo, n'kukwera chitunda chija chigubu chili pamutu, mimba ili patsogolo.

Ndinamuuza kuti nsombazo azisiye zife, tiziwambe zione. Anangoseka n'kunena kuti abambo akwiya. Nanenso ndinayamba kumuthandiza kusenza, ana anga nawonso akaweruka. Chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina. Tinavina ndithu, mudzi wonse ukutiseka kuti a kwa Funsani akusambitsa nsomba.

Madzi sanayere. Akanayera bwanji thumba la zitosi lili phee pansi pakona? M'therere lija silinkaoneka, Linda ankaganiza kuti a Gracious anapita nalo, ndipo iwe wodziwa zonse sunafunse chimene chinayambitsa. Unangolamula kuti alowe m'damumo akweche ndere za m'makoma ndi burashi, opanda sopo.

Linali Lachiwiri m'mawa. Analowamo atavala patapata, poopa kuterereka. Ndere pa matailosi iwe ukuzidziwa? A Nabanda anamva kukuwa, n'kudumpha mpanda. Anamupeza atakhala pansi m'madzi obiriwirawo atagwira m'chiuno, nsomba zako zikumuzungulira.

Tinamukweza pakabaza, ine ndikuthamanga pambali nditamugwira msana, mpaka pachipatala chathu chino. Atamuona sanachedwe, anaitana ambulansi ya ku boma. Mwana anabadwa tsiku lomwelo, masiku ake asanakwane. Ndi wamkazi. Anali wongodzaza m'manja mwanga muno, kulira kwake ngati kamwana ka mphaka. Anamwino anati amumangirire pachifuwa pa mayi ake osamuchotsa, ndipo Mulungu anatichitira chifundo, ali moyo, akuyamwa.

Ndili pakhonde la chipatala ndinakuimbira. Unati Ambuye atamandike. Kenaka unatsitsa mawu n'kufunsa ngati pogwapo sanaphwanye nsomba. Ndinayang'ana foni ija ngati ndiiponye m'ngalande. Mawu amenewo sindinauze munthu, ngakhale mayi. Ndinawameza kuti ndikubisire manyazi.

Koma wekha unadzivula pagulu. Linda atatuluka m'chipatala, mchombo wa mwana utagwa, kunabwera a Kalinde, amalume ake a Linda, kuchokera ku Magomero pamodzi ndi ankhoswe awo, athunso analipo. Anakhala pamphasa mwaulemu wonse n'kunena kuti abwera kudzamva dzina, poti mwana woyamba amatchedwa ndi akuchimuna. Mayi anati mwini wake alipo, atchule yekha. Ine wopusa ndinakuimbira n'kukweza mawu a foni kuti aliyense amve bambo wa mwana akulankhula.

Unati dzina uganiza kaye, si chinthu chothamangira. Kenaka unafunsa kuti, koma achemwali, madzi aja ayera?

Mayi anadziphimba kumaso ndi chitenje. Linda anawerama n'kumayang'ana mwana pachifuwa pake, misozi ikudontha pachipewa cha mwanayo. Ine ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowemo. Nsomba unazitcha mayina tsiku lomwe zinafika, usanavule n'komwe nsapato. Mwana wako, wotuluka m'kamwa mwa imfa, ati uganiza kaye!

A Kalinde sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anati kwawo mkamwini amakamanga kuchikazi, koma iwo analola kuti mwana wawo achoke pamudzi chifukwa anaona nyumba yamalata n'kuganiza kuti muli munthu. Anati anatipatsa mkazi, sanatipatse pampu. Anapempha mwanayo, anamunyamula, n'kumutcha okha kuti Mtisunge. Ankhoswe athu analibe pogwira, anangoomba m'manja.

Madzulo asanafike Linda anali atamanga zovala zake ndi za mwana. Makiyi anandipatsa ine. Potuluka anandikumbutsa kuti chakudya cha nsomba chili pamwamba pa kabati, ndisamathire chambiri. Mkazi wotere, Funsani! Iwe sumuyenera ngakhale pang'ono, ndipo ndikunena ine mlongo wako wa bere limodzi.

Tsopano imva bwino, chifukwa apa ndiye pagona nkhani. A Kalinde anati Linda amugawira munda wa malemu agogo ake ku Magomero. Mvula yoyamba ikagwa n'kubzalamo chimanga iwe usanaonekere, ndiye kuti wakhazikika kwawo, za banja zatha, mwana akulira komweko. Anati safuna foni, safuna katundu wa pa galimoto ya Sharif. Akufuna iwe, ndi miyendo yako, udzakhale pansi pamaso pawo.

Mitambo yayamba kale kusonkhana kuphiri masana. Anthu amaliza kupanga mizere. Zengerezu analinda kwawukwawu, usadzati sindinakuuze.

Ndakunyoza mokwanira, ndipo sindibweza ngakhale liwu limodzi. Wakutsina khutu ndi mnansi. Koma ndinakubereka kumsana ine, iwe uli ndi mamina, mayi ali kumunda. Sindikufuna udzakalambe ukulankhula ndi nsomba. Ndinapita ku Magomero Lamulungu lapitali. Mtisunge wayamba kudzaza masaya, mphuno ndi yako yeniyeni, tsoka lake. Linda anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo pobwerera anafunsa chapansipansi ngati unaimbako. Ndinati unaimba. Sanafunse kuti unati chiyani, nanenso sindinanene.

Pempha tchuthi kwa bwana wakoyo. Akakana, muuze kuti damu lake alisamale yekha sabata ziwiri, aone mmene zimakhalira. Ndakugwira mwendo, bwera.

Tsopano yankho lako lija. Madzi ayera. A Gracious atamva zonse anabwera okha, anavuula thumba lawo, n'kupita. Chakudya ndimaponyamo ndikakumbukira, ndipo sindikumbukira kawirikawiri. Kachisakasa anamanga Linda kaja kakutchinga dzuwa bwinobwino. Pakhomo palibe wochapa, palibe wotsuka mbale, palibe wotaya madzi pafupi. Ndere zafa zokha. Mankhwala ake anali amenewo basi, kuti pakhomo pachoke anthu.

Ayera mbee, kuposa a kwa bwana wako. Ukaima m'mphepete ukuona tailosi iliyonse mpaka pansi. Pansi pomwepo pali patapata mmodzi wa Linda, wakumanzere, amene anavuka tsiku limene anagwa. Tracy ndi Hannah akumuzungulira tsiku lonse, ali bwino, anenepa.

Sindimuvuula. Ndauza ana kuti asamukhudze. Udzalowemo wekha, udzamutole, ukamupereke kwa mwini wake ku Magomero mvula isanagwe.

Mayi akuti ndikupatse moni, koma anena kuti za nsomba usadzawatchulirenso. Upereke moni kwa a Idesi ndi amuna awo ngati mumaonanabe kutchalitchi, ndi ana a kwathu onse ali kumeneko. Mulungu akusunge pantchito, akuyendetse bwino pamsewu, ndipo akubwezere nzeru zimene unapita nazo.

Ndine achemwali ako,
Falesi