Kamera ya Othyola Tiyi

Lolemba, 8 Sepitembala 2008

Achimwene Dave ayimba kuchokera ku Joni ndili mu ofesi. Akuti pobwera ku ukwati wa Patience awagulira abambo kamera ya digito, koma dzina lake ndisankhe ine, ndiwatumizire pofika Lachisanu. "Dzina limodzi, Tamando, osati nkhani." Ngati kuti kutayipa makalata a fakitale ya tiyi kumaphunzitsa munthu za makamera.

Pat, mng'ono wangayo, wanenetsa kuti ukwati wake ajambule abambo, apo ayi pasakhale wojambula. Akuchimuna akufuna wojambula wina, Edson wa kwa Goliati, ndipo akudikira yankho. Abambo sanagwirenso kamera chiyambireni manja awo kunjenjemera chaka chatha, filimu nayo ku Limbe ikusowa. Munthu amene anajambula maukwati a esiteti yonse ino, wa mwana wake womaliza angokhala pampando nkumaonerera? Zikundiwawa zedi.

Lachiwiri, 9 Sepitembala

Nthawi ya lanchi yathera pa kompyuta ya ofesi. Intaneti yake ngati ikukwera phiri ndi mtolo wa nkhuni.

Ndayamba ndi Canon poti yakale ya abambo ndi Canon. Mayo ine! PowerShot A, PowerShot G, IXUS, kenako EOS 1000D, 450D, 40D, 5D, 1D. Pamwamba pa izo, 450D yomweyo ku Amereka akuitcha Rebel, ku Japan dzina linanso. Kamera imodzi maina atatu, ngati mnyamata wa zibwenzi zambiri.

Chomwe ndatolapo lero: PowerShot ndi IXUS ndi timakamera ta m'thumba, lenzi yake siichoka. EOS ndi zija lenzi umamasula nkuikapo ina. Ya abambo yalembedwa EOS 500. Ndiye EOS basi, zam'thumbazo sangazilandire, ndimawadziwa.

Lachitatu, 10 Sepitembala

Ndinali nditatsimikiza kuti 1000D ndiyo yapamwamba, nambala yake ndi yaikulu. Mwamwayi bwana Hector, manijala wa fakitale, anaona pepala langa pa desiki. Iwo amajambula mbalame kunkhalango ya kumtunda. Aseka mpaka kuvula magalasi.

"A Tamando, pa esiteti pano jenerale manijala alipo angati?"

Ndati mmodzi.

"Ndiye 1D ndi 5D zimenezo, nambala imodzi, za akatswiri. Mamanijala tilipo makumi, ndife 40D. Makapitawo ndi mazana, 450D. Othyola tiyi ndi zikwi."

Basi zalowa pomwepo. Nambala ikamatalika, kamera ikutsika. Chilembo D chikungotanthauza kuti ndi ya digito.

Akuti mdala wodziwa ntchito ngati abambo anga, a Sitefano, ayenera 40D, ndipo anditengera yawo kugalimoto kuti ndiigwire. Kulemera kwake ngati simbi yamakala. Ndaganiza za manja a abambo, ndabweza, ndathokoza.

Lachinayi, 11 Sepitembala

Nditaweruka ndatsitsa sutikesi ya abambo pamwamba pa wodirobu, iwo atapita kudimba. Fungo lija likadalimo, la chikopa cha lamba ndi timabotolo takuda ta filimu. Amayi ankasungiramo singano ndi mbewu ya mpiru m'timabotolo timeneto.

Ndakumbuka masiku a malipiro ndili Sitandade 6. Abambo pa njinga, kamera pachifuwa, ine pa kaliyala nditafungata nsalu ija yojambulidwa nyumba yosanja. Tikafika kukomboni timaipachika pa bulugamu kuti ojambulidwa aziima kutsogolo kwake. Azimayi amathamangira kukasamba, ana kuwapaka mafuta mpaka kunyezimira ngati mandasi. Wayilesi imodzi ya a kapitawo inalowa m'zithunzi za komboni yonse, aliyense kuigwira ngati yake. Nsapato zofiira za mayi Esnat nazonso zinavalidwa ndi atsikana osawerengeka, ena zikuwathina koma akumwetulira. Abambo akukuwa, "Chibwano m'mwamba! Musaphethire, filimu si yanu!"

Kenako kudikira. Filimu ipite ku Limbe, ikatsukidwe, ibwere. Anthu amatiimitsa panjira, "Zatuluka?" Tsiku lobwera zithunzi pakhonde pathu pamadzaza ngati pa sikelo. Ndikuwasowa masiku amenewo, ngakhale matako ankawawa pa kaliyala paja.

Madzulo ano tiyi watayikira abambo pa thalauza. Anangoika kapu pansi nkunena kuti sakumufuna, watsekemera kwambiri.

Lachisanu, 12 Sepitembala

Zilembo ziwiri: IS.

Ndimaziona kumapeto kwa maina a malenzi ena, ndimayesa zokongoletsera. Lero ndawerenga bwino. Lenzi ya IS ili ndi kachipangizo mkati kamene kamabweza kugwedezeka kwa dzanja kuti chithunzi chisapakike. Ndawerenga kawiri, kenako ndapita kuchimbudzi kukalira pang'ono. Siichiritsa munthu, koma imathandiza.

Bwana H. akuti ndichenjere, 1000D ina amaigulitsa ndi lenzi yopanda zilembozo. Akutinso lenzi yakale ya EOS imalowa pa EOS yatsopano.

Ndatumiza uthenga: "EOS 1000D, lenzi 18-55 IS. Muone pa bokosi, popanda IS musatenge." Ndiyo yopepuka pa zonse. Achimwene ayankha, "Ya pansi penipeni? Abambo?" Ndati eya.

Sabata, 13 Sepitembala

Potuluka m'tchalitchi mayi wina wawaonetsa abambo mdzukulu wake, akuti amayi a mwanayu munawajambula ali chonchi. Abambo manja anali m'thumba nthawi yonse.

Lachitatu, 17 Sepitembala

Akuchimuna afunsanso za Edson. Ndati adikire. Pat sakudya bwino, diresi ayibwezanso kwa telala.

Lachiwiri, 23 Sepitembala

Achimwene afika, anenepa. Bokosi latsegulidwa pa tebulo anthu onse ali pomwepo, ndi amalume a Lackson amene abwera kuchokera ku Khonjeni kudzathandiza za ukwati. Ine maso pa bokosi. IS ilipo.

Amalume akondwa kuposa aliyense. "Yakale inali 500, iyi 1000. Alamu, mwakwera kawiri!" Ndikanangokhala chete. Koma pakamwa panga! Ndayamba kufotokoza za jenerale manijala, makapitawo ndi zikwi, monyadira ngati ndine ndinazipanga.

Abambo andiyang'ana. "Ndiye mwandigulira ya othyola tiyi?"

Achimwene akundiponda phazi pansi pa tebulo.

Kenako abambo aseka, kuseka kwenikweni kumene sitinakumve chaka chino. "Chabwino. Ndi omwewo ndawajambula moyo wanga wonse. Jenerale manijala sanandiitanepo."

Amasula lenzi yatsopano osaiyang'ana nkomwe, aitanitsa yakale ya mu sutikesi. Yalowa, kuti khethe. Nkhope yawo pamenepo! Akuti diso ili ndi limene linaona ukwati wa aliyense kuno, liwonanso wa Patience. Za IS ndayesa kuyamba, andikwezera dzanja.

Lachitatu, 24 Sepitembala

Tsiku loipa.

Masana anawakhazika amayi pabalaza kuti ayesere, poti m'tchalitchi namonso kuwala ndi kochepa. Amayi anavala duku la Sabata. Abambo anajambula kangapo, kenako tonse tinaunjikana kuona pa kagalasi ka kumbuyo. Amayi nkhope ziwiriziwiri, maso opakika ngati wina wapukuta ndi chala inki isanaume. Zonse.

Kale chithunzi chikaonongeka ankachiona okha ku Limbe nkuching'amba. Ichi chawayalutsa pomwepo, pamaso pa ana ndi alamu awo. Sindinaganizeko zimenezo posankha.

Anaika kamera pa tebulo pang'onopang'ono. "Tamando, uwauze akuchimuna aitane mwana wa kwa Goliati uja." Analowa kuchipinda, chakudya chamadzulo sanadye.

Sindinaimbe foni.

Lachinayi, 25 Sepitembala

Pat walira m'mawa wonse, akuti Edson akabwera iye aphimba nkhope ndi velo mpaka madzulo. Amayi amukalipira kuti asawonjezere moto.

Ndisanapite kuntchito ndawapeza abambo kuseri akuyang'ana nthochi zawo. Ndawafotokozera za zilembo ziwiri zija bwinobwino. Ayankha osanditembenukira, "Ndiye kuti kamera izindigwira dzanja ngati mwana wowoloka msewu?"

Ndati, "Ababa, magalasi a maso munavala, simunati akukunyozani. Ine munkandigwira chibwano pondijambula kuti ndisagwedezeke, sindinakwiye." Sindinawayankhepo chonchi chibadwire. Anangoti ndichedwa kuntchito.

Ndamasula lenzi yakale ndekha, ndaikulunga mu nsalu, ndaikapo yatsopano. Kabatani ka pambali ndakasiya pa ON. Kamera ndaisiya pa mpando wawo, pomwe sangakhale osaichotsa.

Pobwera madzulo ndaipeza pamwamba pa kabati. Akuchimuna ayimba kawiri, sindinayankhe. Mawa ndiyenera kuwauza zoona, ukwati ndi Lamulungu.

Lachisanu, 26 Sepitembala

Ndaweruka msanga chifukwa cha Sabata. Njira yonse ndimakonza mawu owauza akuchimuna.

Ndisanafike kunyumba ndamva phokoso ku shedi ya sikelo, kumene othyola tiyi amapimitsa masamba. Azimayi kuseka, wina kululuta. Ndayesa kwabadwa mwana. Ndasuzumira.

Abambo. Malaya oyera, lamba wakale wachikopa uja amumanga pa kamera yatsopano. Zigongono atsamiritsa pachifuwa, phewa ayedzamira nsanamira. Kutsogolo kwawo mayi Esnat, a nsapato zofiira aja, imvi tsopano mbuu, dengu likadali kumsana. Mu shedi muja ndi mwamdima kuposa pabalaza pathu.

"Chibwano m'mwamba, Esnat! Wakalamba koma sunaphunzirebe?"

"Inu a Sitefano, ndisambe kaye!"

"Ukasamba sakudziwa. Usaphethire!"

Khethe. Azimayi onse kuthamangira kukaona. Mayi Esnat agwira pakamwa. "Zatuluka kale? Osapita ku Limbe?" Kenako ayang'anitsitsa. "Ii, makwinya onsewa ndi anga?"

Ndadzipanikiza pakati pawo. Makwinya alipodi, lililonse palokha, ndi thukuta pamphuno, ndi tsamba la tiyi lomatirira pa duku. Manja a abambo akunjenjemerabe, kagalasi kakuvina, moti ndinawagwira dzanja kuti ndione bwino. Sanalichotse.

Andionetsa zina. Ajambula kuyambira masana, shedi yonse. Zingapo ndi zopakika, makamaka za ana osakhazikika. Azifufuta okha ine ndikuona, achimwene anawaphunzitsa batani lake m'mawa. "Izi sizinachitike," akutero.

M'thumba la malaya muli chotupa. Lenzi yakale, mu nsalu yake ija. Ndaona, iwo aona kuti ndaona.

Pobwerera kunyumba amayenda patsogolo, ine pambuyo ngati kale. Dzuwa linali litapendekera kale ku mabulugamu. Pa mlatho waung'ono aima, avula kamera pakhosi, andipatsa.

"Thamanga ukatchaje batire dzuwa lisanalowe, mawa ndi Sabata, sitigwira ntchito. Ndipo umuuze Patience, Lamulungu asadzole mafuta ambiri pachipumi. Amanyezimira."