Onse Akufuna Kukwera Machila

Okondedwa amalume,

Muli bwanji ku Kitwe kumeneko? Kuno ku Tembwe tili bwino, ndipo amayi mwendo uja wasiya kutupa.

Koma ine mtima ukundiwawa. Pokonzekera tsiku la ufulu wa Afirika, ndinakonza sewero ndi ana a m'kalasi mwanga, loonetsa mmene anthu akuda tinachotsera atsamunda. Ndinkafuna mzungu mmodzi wonyamulidwa pamachila, enawo akhale omenyera ufulu. Amalume, kalasi yonse inakweza manja kufuna uzungu! Mwana wanga Wezi nditamusankha kutsogolera omenyera ufulu, analira. Akuti, "Amama, uja avala nsapato na chisoti, ise tiyenda chabe pansi."

Tsiku la sewerolo, makolo anaimbira nthungululu mzungu wopakidwa ufa kumasoyo. Pamene tinkakweza mbendera, ambiri anali atakwera kale njinga zawo.

Manje chonde, nditumizireni chithunzi chanu chija cha tsiku limene dziko lathu linalandira ufulu, mutavala suti, chibakera m'mwamba. Ndikachikhoma pabolodi. Zikundipweteka kuona ana akulimbirana machila omwewo amene anathyola mapewa a makolo athu.

Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Taonga