Chala cha a Jacinto

Lamulungu. Mtima ukuwirabe.

Pulogalamu yanga yoonetsa mawu a nyimbo pakhoma la tchalitchi yandichititsa manyazi pa Misa lero. Ndinailemba kuti munthu akadina batani, ndime isinthe. Koma a Jacinto, mkulu wa kwaya, sadina n'kusiya. Amakanikiza ngati akupha nsikidzi. Kompyuta imayesa kuti chala chokhalitsacho chikudina kambirimbiri, ndiye ndime zonse zathamanga mpaka kumapeto anthu akadali pa mzere woyamba.

Potuluka a Jacinto andiuza pamaso pa a Padre ndi alendo a ku Muloza kuti, "Achimwene, bwererani kokagulitsa nyemba, zamakinazi si zanu." Anthu aseka. Ngakhale mkazi wanga wabisa kamwa m'kapulana, chitenje chake chija.

Ndakonza kale. Tsopano ndime izisintha chala chikachoka pa batani, osati chikangofika. Zikanathera pomwepo, koma ayi. Ndawonjezera kanthu: munthu akakanikiza nthawi yaitali, pakhoma pazituluka zilembo zikuluzikulu zakuti, "CHOTSANI CHALA, A JACINTO."

Lamulungu likubwerali kuli ubatizo, tchalitchi chidzadzaza mpaka pakhomo. Ine ndidzakhala benchi yakutsogolo. Zokalapa kwa a Padre ndidzaziona Lolemba.