Mwana wa madamu wamwa madzi a m'nyanja

Mirdif, Dubai
Novembala 2020

Okondedwa achemwali anga a Matildah,

Muli bwanji ku Ntcheuko, inu ndi alamu? Nanga mayi, miyendo ija inaleka kutupa? Ine koronayu sanandigwire, koma mtima suli m'malo.

Pali chimene sindinakuuzeni. Atatichotsa ntchito kuhotela chifukwa cha matendawa, ndinapeza ya m'nyumba. Madamu anandifunsa ngati ndimatha kusambira, poti anaona pafoni kuti kwathu kuli nyanja yaikulu. Ndinavomera. Inu mukudziwa kuti ngakhale mtsinje wolekeza m'mawondo ndimawoloka nditagwira munthu.

Lachisanu madamu anatisiya kugombe, ine ndi mwana wawo Miriam wa zaka zisanu, iwo n'kupita kokagula zinthu. Panali mbendera yofiira. Ine ndinayesa ndi za korona, zoti anthu azikhala motalikirana. Madziwo anali ndi thovu lakuda, akununkha ngati nsomba yoola, koma mwana analira mpaka ndinamulola kuti aponde m'mphepete mokha.

Funde linabwera n'kumugwetsa, pobwerera n'kumamukokera mkati. Achemwali, ine ndinangoima n'kumakuwira m'masiki. Anamuvuula ndi mlonda wa pagombepo, bambo wa ku Chipata. Anandikalipira m'Chinyanja kuti mbendera yofiira imaletsa kulowa m'madzi, n'kundifunsa ngati mphuno ndinaisiya ku Malawi. Anatinso mwanayo wamwa madzi oipa, akayamba kusanza ndikauze adokotala msanga.

Ndinamupukuta, ndinamugulira ayisikilimu, n'kumupempha kuti asanene.

Kuyambira dzulo akusanza, akutsegula m'mimba, thupi latentha. Madamu akuti ndi korona. Amuyezetsa, ndiye akuchipatala akuti tidikire zotsatira kunyumba masiku awiri. Masiku awiri ndi ambiri, achemwali. Milomo yake yauma gwa. M'mawa uno ndikumupatsa madzi anandigwira chala n'kundinong'oneza kuti sananene kwa mayi ake.

Ndikaulula, khalas, monga amanenera kuno, basi ntchito yatha. Mwina aitana apolisi, sindikudziwa malamulo a kuno. Koma ndikangojambula kalatayi n'kukutumizirani pafoni, ndikukagogoda kuchipinda kwa madamu.

Mukaona masiku atatu ndili zii, mayi musawauze. Muimbire asuweni athu a Rodrick ku Bur Dubai, adziwa kokandifunira.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni. Popemphera muyambe ndi Miriam, ine pambuyo.

Ndine mng'ono wanu,
Dainess