Ndodo ya apongozi yakana rilo yanga

Aphungu,

Nine mwamuna wokwatira, nikhala ku Silverest, nisebenza mu tauni. Anzanga nkhani iyi aiseka, koma ine yanivuta.

Apongozi anga aamuna ni mlimi ku Kanakantapa, kwawo ni ku Katete, ndipo ni anthu a mwambo. Chikwatirire mwana wawo Nelesi, ine na iwo sitinakambitsanepo mawu opitirira moni. Nikafika nigwada patali, iwo ayang'ana kumunda, ine niyang'ana nsapato zanga, zokamba zonse zipitira kwa Nelesi.

Mwezi watha Nelesi anabwera kuchoka kumudzi na kathumba kakatali ka nsalu. Mukati munali ndodo yowedzera nsomba, ya zidutswa zitatu. Ukailumikiza ipitirira denga, kunsonga kwake n'kowonda monga udzu. Nelesi anati, "Atate akuti iyi ni yanu. Akatsiriza kukolola mubwere, mupite nawo kudamu." Ndodo iyo apongozi anaipeza akali mnyamata, pamene anali kusebenza pa famu, ndipo ngakhale ana awo aamuna sanaigwirepo. Koma inabwera yopanda rilo, kamakina kaja kokulunga chingwe.

Kufunsa kuti "nanga rilo?" ninaona monga kupatsidwa nkhuku n'kupemphanso mchere. Ninapita kwa Ricky wogulitsa katundu wa salaula, wosebenzetsa kale, mu tauni. Ananitulutsira rilo yaikulu monga dzungu, chingwe chake chonenepa monga choanikira zovala. Anati, "Ba bosi, iyi ikoka na ng'ona. Apongozi azaona kuti mwana wawo ali m'manja mwa mwamuna." Ninagula.

Kunyumba rilo yakana kulowa pa ndodo. Pa chogwirira cha ndodo pali timphete tiwiri togwira phazi la rilo, koma phazi la yanga n'lalikulu. Ninaimanga na malegeni, mphira za chubu ya njinga. Nikanyamula, dzanja lilema nisanafike na pa geti. Nelesi anaiyang'ana n'kunifunsa, "Mufuna kuwedza kapena kukoka minibasi mu matope?"

Mnzanga Jabez wowotcherera mageti akuti nimupatse adule timphete, apale chogwirira, aikepo tizitsulo take. Akuti, "Mudala, apongozi sazaziba n'komwe."

Aphungu, chimanga chayamba kale kulowa m'matumba. Nimupatse Jabez?

F.K., Silverest

*

A F.K.,

Jabez atsale ndi mageti ake. Munthu amene wasunga ndodo m'kathumba kuyambira unyamata wake amadziwa kachipsera kalikonse kali pamenepo. Adzadziwa ndithu, ndipo poti ndi apongozi sadzanena kanthu. Adzangoyang'ana kumunda nthawi yaitali kuposa kale.

Ricky nayenso sananame. Rilo yanuyo ikhoza kukoka ng'ona, kungoti inu simunaitanidwe kukawedza ng'ona. Ndodo yaitali, yowonda kunsonga, ya timphete pa chogwirira, ndi ya nsomba za padamu zodya mochenjera, monga mabulimu. Imaponya nyambo yopepuka patali, ndipo nsomba ikangonunkhiza nyongolotsi nsonga imakuuzani. Chingwe chake chiyenera kukhala chowonda, pa chifukwa ichi: mlamba waukulu ukagwira, kapena mbedza ikakodwa pa chitsa, china chake chiyenera kuduka. Chingwe chikakhala chowonda chimaduka ndi chingwe, mumamanga mbedza ina, moyo ukupitirira. Chikakhala choanikira zovala chija, imathyoka ndi ndodo, mwini wake ali chiimire pambali panu.

Tsono masulani malegeni lero lomwe, asanasiye mabala pa chogwirira. Dzungu lija mubwezere Ricky, kapena mulisunge, mwina tsiku lina mudzapita kunyanja ya Kariba.

Pogula rilo ina, ndodo ipite nanu kusitolo ya zowedzera. Nsapato simugulira mwana amene mwamusiya kunyumba. Pemphani yaing'ono, ya nambala 2500 kapena 3000, ndipo muiyese pomwepo. Phazi lake lilowe m'timphete popanda kukakamiza, lisagwederenso. Mukatero lumikizani ndodo yonse, muigoneke pa chala patsogolo pang'ono pa rilo. Ikagona bwino, mwapeza. Ikagwera kumbuyo, rilo yalemera. Ikaweramira kutsogolo kwambiri, yesani yokulirapo pang'ono. Pamwamba pa rilo pali kopotokola komasula kapena kulimbitsa chingwe, kamene ambiri amati buleki. Masulani, mukoke chingwe ndi dzanja. Chizituluka mosalala, osati modukiza ngati minibasi ya ku Kanakantapa m'dzinja. Yang'ananinso pa ndodo pamwamba pa chogwirira. Ngati zolembapo sizinafufutike, zikuuzani kulimba kwa chingwe choyenera. Wogulitsa akayamba za ng'ona, tulukani.

Koma musanakwere basi ya m'tauni, taganizirani izi. Inu mwandiuza kuti ndodoyi ndi ya unyamata wa apongozi anu, kuti ili ndi kathumba kake, ndi kuti ana awo aamuna sanaigwirepo. Munthu wotere sataya rilo. Ine sindinalowepo m'nyumba mwawo, koma ndikuganiza kuti ili m'kachitini penapake, yopakidwa mafuta, ikudikira. Akanafuna kungokupatsani mphatso akanatumiza zonse pamodzi. Iwo atumiza theka, theka lina n'kulisunga kumene inu muyenera kukafika ndi miyendo yanu.

Njira yofunsira muli nayo kale, ndipo dzina lake ndi Nelesi. Musamutume kuti "nanga rilo?" ayi. Akanene kuti, "Atate, amuna anga akuti ndodo yotere sanaigwirepo, akuopa kuiwononga. Akuti muwalangize rilo yoyenera." Kupempha nzeru kwa wamkulu si kupempha mchere. Ngati rilo ilipo, ituluka. Ngati inatayika kalekale, akuuzani yogula, ndipo mudzakhala mutagula yosankha iwo, zomwe palibe mpongozi amene amadana nazo. Nelesi yemweyo mukanamufunsa poyamba, bwenzi dzungu likadali kwa Ricky, koma izo tazisiya.

Chenjezo langa lili pawiri. Ndodo ipite ku Kanakantapa ili m'kathumba, yosalumikiza, ndipo ikhale pamiyendo panu, osati kumbuyo pansi pa matumba a kabichi. Chachiwiri n'chachikulu kuposa rilo. Mwina simunazindikire, koma akuitanirani kudamu, ndipo kudamu Nelesi kulibe. Mukakhala awiri pa udzu umodzi mpaka dzuwa litapendeka, ndipo nsapato zanu mwaziyang'ana kale mokwanira. Konzani mawu opitirira moni.

Aphungu