Sopo Wanga ku Naivasha

Syokimau, Nairobi

Okondedwa asuweni a Medson,

Imirirani powerenga, chifukwa wolemba kalatayi ndi Blackson, munthu woyamba m'banja lathu kuphikidwa wamoyo. Muli bwanji kumudziko? Kuno tilipo, kutopa kokha.

Loweruka mwana wanga Flossie ananditengera ku Naivasha, kumene madzi amatuluka pansi ali otentha ngati a ku Mawira kwathu ku Nkhotakota. Akuti amachiritsa miyendo. Ine ndinanyamula sopo, mwala wokwechera mapazi ndi malaya awiri oti ndichape. Mlonda anandilanda zonse. Amvekere, "Mzee, muno sitichapa, timangokhalamo." Ndinakhalamo ngati chinangwa cha kondowole, Flossie akubisa nkhope.

Nditatuluka ndinataya ndodo yanga yoyendera n'kuthamangira minibasi, imene kuno amati matatu, anthu akuwomba m'manja.

Lachiwiri tikubwereranso kuchipatala. Ulendo watha adokotala anayang'ana chithunzi cha mwendo wanga wovutawu nthawi yaitali, kenaka anaitanira Flossie panja. Dimba langa lija musandidikire, limani.

Za sopo n'zoona. Za ndodo ndanama, asuweni. Ili pompano pambali pa bedi, ndipo masiku ano imodzi sikukwanira.

Ndine msuweni wanu wosamva uja,
Blackson