Fungo la Mandimu

Loweruka, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse, ndi mtima womwe.

Hita yoviika m'ndowa ija yandivutanso. Ndinaiika m'madzi m'mawa, ndinasesa, ndinatsuka mbale, koma madzi anangofunda pang'ono. Ndinayesa soketi ya kuchipinda, chimodzimodzi. Ndiye vuto si magetsi.

Amake Misozi a nyumba yoyandikana nafe anaizula n'kukanda chitsulo chake ndi chikhadabo. Chinali chitakutidwa ndi zoyera zolimba.

"Ndi madzi a pamjigo awa, amake Tamanda. Finyirani mandimu m'madzi, muiviike."

Ndinathyola mandimu kuseri, n'kuiviika mpaka masana. Zoyera zija zinasendeka ngati makoko a dzira. Madzulo ano madzi atentha msangamsanga.

Posamba m'pamene ndamva fungo la mandimu lija. Atate a Tamanda ankanunkhira chonchi Loweruka lililonse asanapite kumigodi ku Solwezi. Ine ndinkayesa ndi sopo wawo. Kani ankatsuka hitayi osandiuza!

Ndakhala m'bafa mpaka madzi kuzizira. Tamanda wagogoda, akuti, "Amayi, mwagona?" Ndayankha kuti ndikubwera. Thaulo la atate ake likadali pamsomali paja, ndipo ine sindinalichapebe...